Chaka Chimene Mlamu Wanga Anasunga Kiyi wa Mzikiti

Amene anaba mpopi woyamba wa pamzikiti wathu ku Seraleng ndi mlamu wanga. Aliyense amadziwa, ndipo iye mwini sakana. Unali wamkuwa, ndipo tinkatungapo madzi a udhu, odziyeretsera tisanaswali. Anauzula masana, anthu ali kuntchito, n'kukaugulitsa kwa ogula zitsulo. Tinaikapo wapulasitiki, womwe umadontha mpaka lero. Choncho patapita zaka, pamene shehe anapereka kiyi wa mzikiti womwewo kwa munthu yemweyo, ine sindinatsutse, koma sindinakondwe.

Mlamu wangayu ndi mlongo wa malemu akazi anga, chitsirizira m'banja mwawo. Anatipeza kuno ku Joni ali wosakwatira, ife tikukhala ku Kroondal, ine ndikugwira ntchito pansi pa mgodi. Anabwera ndi chikwama chimodzi ndi mawu ake. Anaphunzira ku madrasa kwathu ku Mangochi, ndipo akamawerenga Kurani, ngakhale Atswana oyandikana nafe ankatsitsa wailesi. Ndinamupezera ntchito kwa kontirakita wina, yonyamula mitengo yochirikizira denga la mgodi. Anagwira bwino mpaka kontirakiti inatha, ndipo monga zimakhalira kuno, anamuuza kuti apite kunyumba adzamuimbira foni.

M'masiku odikira foniwo ndi m'mene anayamba nyaope. Ife tinali tisanamvepo dzinalo. Ndi ufa wa heroini wosakaniza ndi zina, umene amawaza m'chamba n'kusuta. Tinkangoona munthu akuodzera ali chiimire, ndudu ikupsa mpaka pazala, kenaka n'kumadzikanda ngati wadutsa m'chitedze. Akazi anga ankati ndi malungo. Anamupatsa panado, kenaka anayamba kukayikira mayi wina wa kumudzi kuti wamuchita chipongwe mwana wa eni. Zoona tinazidziwa pamene simbi yositira inasowa, kenaka wailesi, kenaka nsapato zanga za pa Idi.

Ndaonerera chinthuchi kwa zaka zoposa makumi awiri. Anasiyapo kangapo. Ulendo wina tinamutsekera m'chipinda ndi ndowa, akazi anga atakhala pakhomo n'kumalira naye limodzi, ndipo anatuluka ali bwino kwa miyezi ingapo. Ulendo wina inamusiyitsa ndi ndende. Tinamutumizaponso kumudzi, komwe ananenepa n'kulima mpunga, koma atabwerera kuno sabata sinathe. Pakati pa zonsezi anakwatira mayi wina wa ku Bethanie, nabereka mwana wamkazi. Mayiyo anapirira mpaka tsiku limene yunifomu ya mwanayo inasowa pachingwe. Kusuta kutasiya kumukwanira, anayamba kudzibaya jakisoni. Tsiku lina anandiuza yekha kuti kukoma kunatha zaka zoyambirira zomwe zija, zotsalazo ankangobaya kuti athe kudzuka. Anzake amene anayamba nawo anatha mmodzimmodzi, wina atamenyedwa ndi anthu chifukwa cha waya wamagetsi, wina atangopezeka m'ngalande atauma. Iye ankatsalabe, n'kumakalamba nacho chinthucho ngati mmene ena amakalambira ndi matenda a shuga.

Akazi anga atamwalira tinawaika tsiku lomwelo, monga mwa Chisilamu, kumanda a ku Rustenburg. Mlongo wawoyo tinamufunafuna koma sanapezeke. Anatulukira pa sadaka, nakhala pansi pakhomo n'kulira mpaka mawu kutha. Misoziyo inali yeniyeni, ndinaiona ndekha. Bulangeti la malemu nalonso linasowadi madzulo ake.

Ndiye atagogoda pa mkhukhu wanga, kanyumba kamalata, zaka zingapo zapitazo n'kunena kuti, "Alamu, ndasiya," ndinangoti, "Lowani, tiyi ali pamoto." Anali akuyandikira zaka makumi asanu, mano akutsogolo atatha, ana a mumsewu akumutchula kuti madala ngakhale ine ndimamuposa kutali. Ndinamupatsa kachipinda kakuseri. Kuweruza mtima wa munthu ndi kwa Allah, ine sindinapatsidwe ntchito imeneyo. Koma ndinali nditapuma pantchito, ndipo nthawi yomuyang'ana ndinali nayo yambiri.

Ndinkasiya dala foni patebulo n'kutuluka panja.

"Alamu, mwaiwalanso foni," anatero tsiku lina. "Ndi ukalamba kapena ndi msampha?"

"Ukalamba."

"Ngati ndi msampha, ikanipo nyambo yabwino. Iyi ngakhale ogula zitsulo akhoza kundibwezera."

Tinaseka tonse, koma mawa lake ndinaisiyanso.

Pansi pa mgodi tinaphunzitsidwa kugogoda denga ndi chitsulo chachitali tisanayambe ntchito. Mwala wolimba umalira mosiyana ndi umene ukufuna kugwa. Tinkagogoda tsiku lililonse, ngakhale pamalo pamene dzulo lake panali polimba, ndipo palibe amene ankati tikudana nalo dengalo. Umu ndi mmene ndinkakhalira ndi mlamu wanga. Palibe chinasowa. Ankaswali nane, ankasesa, thupi linayamba kubwerera. Chimodzi chokha chinkandisowetsa mtendere: m'mawa uliwonse ankakwera tekisi kupita m'tauni. Ankati ali ndi ganyu wotsitsa katundu pa shopu ina. Ankabwerera dzuwa lisanafike pamutu, manja ali oyera, zovala zopanda fumbi, ali phee, nthawi zina n'kumaodzera pampando. Ganyu wanji wosadetsa manja? Ndinkamuyang'ana m'maso akamamwa tiyi. Ndinkanunkhiza malaya ake pochapa, ndipo akakwinya manja a malaya kuti apange udhu, maso anga ankathamangira pamitsempha. Sindinapeze kanthu, koma mtima sunakhale pansi.

Shehe wathu ndi wamng'ono kwa ife, wa ku Namwera, wophunzira ndiponso wamtima wabwino. Anakondwa naye kwambiri mlamu wanga. Lachisanu lina anamuimiritsa pamaso pa jamaa yonse, anthu onse odzaswali, n'kunena kuti taonani zimene dua, kupempha kwa Allah, imachita: munthu uyu sanapite kuchipatala, sanamwe mankhwala alionse, anangobwerera kwa Allah. Mlamu wanga anayang'ana pansi. Ine ndinayesa ndi manyazi a munthu woyamikiridwa pagulu. Tsiku lomwelo anapatsidwa kiyi, kuti azitsegula, azidzaza madzi m'maketulo a udhu ndi kuitana azana yoitanira anthu koswali, popeza mawu aja mano sanapite nawo.

Pali mkulu wina wa ku Makanjira, mtchona mnzanga, amene anagula mpopi wamkuwa uja kalelo. Potuluka, akuvala nsapato, ananena mokweza kuti onse amve.

"Shehe, kiyi mwapereka. Wilibala mupereka liti? Makapeti ndi olemera, asavutike mwanayu."

Ena anaseka. Shehe anati, "Bambo, Allah amakhululuka."

"Amakhululuka, inde. Koma mpopi ndinagula ndine."

Madzulo ake ndinakagula shuga pa sipaza, kagolosale ka Msomali wa pakona, amene amagulitsira pa kawindo ka zitsulo. Timalankhulana Chizulu chothyokathyoka, iye chake, ine changa. Nkhani ya kiyi inali itamufika kale. Nayenso anaberedwapo ndi mlamu wanga, choncho ndinkayembekezera kuti anyoza. M'malo mwake anandiuza za kwawo. Anati nkhondo itaphwa m'tauni yawo, anthu omwe aja ankatseka misewu ndi mfuti n'kumalanda katundu ndi amene anavekedwa yunifomu kuti azilondera msika. Mayi ake ankawapatsa moni mwaulemu, ndolo atazibisa m'kamwa.

"Bwanji simunasankhe ena?" ndinafunsa.

"Ena ati, madala? Anthu anali omwewo. Dziko likagwa sukaoda anthu atsopano ku holoselo."

"Ndiye zinayenda?"

"Zaka zingapo. Kenaka zinagwanso, tinayambiranso ndi omwewo." Anandipatsira shuga pakawindo. "Mlamu wakoyo ndimugulitsa chilichonse. Koma dzanja lake lisadutse apa."

Miyezi inapita, kiyi ali m'khosi mwake pa kachingwe. Kenaka mwezi unaoneka, tinayamba kufunga, kusala kudya masana. Mlamu wanga anali asanafungepo Ramadhani yathunthu chiyambire kusuta, ndipo chaka chimenecho anaikonzekera ngati ukwati. Anachapa mkanjo, anameta, anabwereka mzuli wanga watsopano. Tsiku loyamba, titadya daku, chakudya cha m'bandakucha, n'kuswali, sanapite kokwerera tekisi. Anati ganyu wamuimika mpaka Idi. Kunena zoona mtima wanga unakhala pansi. Ndinati kaya kutauniko kunali chiyani, chatha.

Masiku oyambirira anali bwino. Kenaka anayamba kuyasamula. Amene anakhalapo ndi wosuta amakudziwa kuyasamula kumeneko, kobwerezabwereza, misozi ikutsika, mamina akuchucha popanda chimfine. Ankatuluka thukuta kunja kukuzizira. Pa swala miyendo inkanjenjemera, ndipo pa futari, pomasula dzuwa litalowa, ankangotola chipatso cha tende n'kuchibweza pambale. Zizindikirozo sizinandivute, chifukwa ndinaziona kambirimbiri: thupi linali kufuna nyaope. Koma thupi silingalire chonchi chifukwa cha chinthu chimene linasiya kalekale. Ndiye kuti nthawi yonseyi, m'mawa uliwonse, tekisi ija inkamutengera kokasuta, ife tikumuimiritsa kutsogolo mumzikiti.

Sindinali ndekha woona. Sabata yomweyo maketulo awiri anasowa pamzikiti, ndipo tsiku lina azana ya masana inadukira pakati, mlamu wanga n'kuthamangira kuseri kukasanza. Mkulu wa ku Makanjira anandipeza panja.

"Mwaiona mphuno?"

"Ndaiona."

"Nanga mukudikira chiyani, achimwene? Kuti asasule denga?"

"Ndikufuna ndimve kwa iye."

"Mumve kwa iye! Tsitsi lachita kuyera mukumvabe kwa iye. Lachisanu abweze kiyi, apo ayi ndikagula loko wina."

Kuseri kwa Seraleng kuli tchire loyang'anana ndi mulu wa dothi la kumgodi, kumene osuta amasonkhana pansi pa mapepala apulasitiki. Kuchokera pa mkhukhu wanga kanjira kake kamaoneka. Madzulo amenewo, dzuwa likadali m'mwamba, ndinapeza mlamu wanga atakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, atavala nsapato, atakumbatira mimba, maso ali pa kanjirako. Ndinadziwa kuti akanyamuka ulendo uno sabwereranso. Thupi limene ndinkaliona silinali loti n'kupirira chaka china cha kutchire. Ndinakoka njerwa ina n'kukhala pakati pa iye ndi kanjirako.

"Alamu, mwasuta liti komaliza?"

"Sindinasute."

"Mphuno yanu ikunena zina."

"Wallahi sindinasute, alamu. Chibwerereni pakhomo pano sindinakhudze."

"Nanga maketulo?"

"Za maketulo sindikudziwa."

Kulumbira kotereku ndinakumvapo m'mbuyomu, katundu wanga ali kale kwa ogula. Sindinasunthe pa njerwayo. Iye amadziwa kuti ine ndikhoza kudikira mpaka mawa.

Kenaka analankhula, akuyang'ana pansi. Kutauni kunalibe ganyu. Kuli kachipatala ka bungwe lina lothandiza osuta, kumene amapereka mankhwala amadzi otchedwa methadoni. Munthu amamwa kakapu kamodzi patsiku, nesi akuona, ndipo thupi limakhala chete osafuna nyaope. Anayamba kumwa asanabwere n'komwe kwa ine. Koma kachipatalako kamatsegula dzuwa litatuluka n'kutseka lisanalowe, ndipo kumwa masana ndi kumasula swaumu. Ndiye anasankha kufunga, mankhwala n'kuwasiya.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanayamba bwanji? Shehe anauza jamaa yonse kuti sindinamwe kanthu. Inu munalipo. Ndikanaimirira n'kunena kuti pepani abale, dua yanu ndimatsitsira ndi kakapu?" Anapukuta mphuno ndi mkono wa mkanjo. "Akanati ndangosintha wondigulitsa."

"Wodwala safunga. Zimenezo munaphunzira ku madrasa musanamere ndevu."

"Ndiye kuti ndine wodwalabe."

"Eya."

"Ine ndimafuna chaka chino ndikhale ngati anzanga, alamu. Ndimve ludzu limene wina aliyense akumva. Mwezi umodzi wokha."

Ndinkafuna kumukhulupirira, koma ndinali nditamvapo nkhani zokoma kuposa imeneyi kuchokera pakamwa pomwepo. Chipatala chanji chopatsa wosuta mankhwala oti azimwa tsiku ndi tsiku ngati mmene ankasutira? Ndinati, "Mawa tipita limodzi. Mukandionetse nesiyo." Ndinkadikira kuti apeze chifukwa, kuti mwina mawa satsegula, mwina nesiyo ali patchuthi. Anangoti, "Chabwino." Tsiku limenelo sindinapite kukafuturu kumzikiti. Ndinakhala naye, ndipo nsapato zake ndinazibisa pansi pa bedi langa.

M'mawa tinakwera tekisi, iye mutu atatsamira pawindo, mano otsalawo akugundana. Pamene tinkatsika ndinamugwira mkono, mwina kumuchirikiza, mwina kuopa kuti angathawe. Kachipatalako kanalipodi, kuseri kwa mashopu, kopanda chikwangwani chachikulu. Pabenchi panali anthu amene sindikanawaganizira: mayi wovala yunifomu ya ulonda, mzungu wina wowonda, ndi bambo waimvi wonyamula chikwama cha masipanala, amene anatisunthira malo n'kumupatsa moni mlamu wanga ngati mnzake wa pashifiti. Nesi, mayi wachitswana wathupi, atangomuona anagwira m'chiuno.

"Malawi! Unali kuti? Timayesa wafa."

"Ndimafunga, sisita."

"Umafunga chiyani?"

Ndinamufotokozera m'Chitswana changa chochepa. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ntate, ndinu abusa ake?"

"Ndine mlamu wake."

"Ndiye mumve bwino. Mankhwala awa sasiyidwa ngati tiyi. Uyu akanapita kutchire n'kukabaya muyezo wake wakale, bwenzi lero mukukumba manda." Anati popeza wadumpha masiku, ayenera kuonana kaye ndi dokotala n'kuyambiranso pang'onopang'ono. Anawonjezera kuti akanabwera kudzanena mweziwo usanayambe, mwina akanaona chochita. Koma nthawi imeneyo mlamu wanga sanafunse n'komwe. Anangosiya kubwera kuchipatalako.

Tinadikira dokotala nthawi yaitali. Atamubweretsera kakapu, anakagwira osamwa. Dzuwa linali likuwala pawindo. Anandiyang'ana.

"Alamu, ndi masana."

"Ndikuona."

"Mukhala mboni kuti ndamasula."

"Ndikhala mboni kuti mwamwa mankhwala. Nenani Bismillah."

Ananena, namwa, nesi n'kumupatsa madzi otsitsira. Ine, poti ndinali ndikufunga, ndinayang'ana kukhoma. Pobwerera anagona m'tekisi, tulo tenitweni, mutu uli paphewa langa.

Ndinakauza shehe ndekha, mlamu wanga atavomera. Anamvetsera mpaka kumapeto, nkhope itagwa. Anavomereza kuti wodwala safunga, ndiponso kuti amene matenda ake ndi okhalitsa amadyetsa wosauka m'malo mwa swaumu. Koma anapempha kuti nkhani ya mankhwalayo ikhale pakati pathu, poti jamaa ingasokonezeke. Ndinamuuza mwaulemu kuti kubisako ndi kumene kunatsala pang'ono kutiphera munthu, ndipo kuti wina akandifunsa sindinama. Ulaliki uja sanaubwerezenso, komanso sanaukonze.

Mkulu wa ku Makanjira anafunsadi, ndipo ndinamuuza zonse.

"Ndiye kuti amaledzera ndi chilolezo cha dokotala."

"Saledzera. Ndamuona ndi maso anga."

"Nanga maketulo nawonso anapita kuchipatala?"

Za maketulowo mpaka lero sindikudziwa. Mumzikiti mwathu mumalowa anthu ambiri, ndipo tchire lija lili pafupi. Mlamu wanga amati sanatenge. Mwina sanatengedi. M'masiku amene thupi linkamuwawa aja sindinali naye nthawi zonse. Lachisanu anavula kachingwe m'khosi n'kupereka kiyi kwa shehe asanapemphedwe. Azana anamusiyira, chifukwa palibe wina amene amaitha ngati iye, koma tsopano amadikira panja kuti wina adzatsegule.

Masiku otsala a Ramadhani ankadyera m'kachipinda kake chitseko chili chotseka, kuti fungo lisandivutitse. Madzulo ankanyamula mbale ya mpunga kukapatsa nkhalamba ina ya ku Mozambiki imene imakhala yokha kumapeto kwa msewu wathu. Ndinamutsatira kamodzi patali kuti ndione ngati mbaleyo imafikadi. Inafika.

Ndinadzafunsa nesi uja kuti mlamu wanga adzamwa mpaka liti. Anati ena zaka zingapo, ena moyo wonse, ndisamawerengere. Zimenezo zinanditengera nthawi kuzilandira, chifukwa ndinkaganizabe kuti tsiku lina adzakhala munthu wosadalira kanthu, ngati uja anabwera ndi chikwama chimodzi ku Kroondal.

Akadali kwa ine. Mwana wake wa ku Bethanie, amene ndi mayi tsopano, anabwera kamodzi kudzamuona. Anakhala pang'ono, chikwama chake chili pamiyendo nthawi yonseyo, koma tiyi anamwa. M'mawa uliwonse, tikabwera koswali, mlamu wanga amasintha malaya n'kutuluka. Pakona ya sipaza msewu umagawikana, kumanja kokwerera tekisi, kumanzere kolowera kutchire. Ine ndimatuluka ndi tsache ngati ndikusesa pakhomo. Iye amadziwa kuti sindikusesa, ndipo nthawi zina amakweza dzanja osacheuka. Lero wakhotera kumanja. Ndinaimabe pomwepo mpaka tekisi itanyamuka.